Nyumba Imene Ndinagwetsa pa Foni

Amayi anga anasiya kundikalipira chaka chimene ndinawamangira nyumba ya malata. Wina angaganize kuti umenewo ndi mwayi, koma ameneyo sawadziwa amayi anga. Kwa iwo kukalipa ndiko kucheza. Munthu amene amamukonda amamupezera cholakwa asanakhale n'komwe pansi, kaya ndi tsitsi, kaya ndi kayendedwe, kaya ndi mchere wa m'ndiwo. Mlendo yekha ndi amene amamuyankhula mwaulemu. Choncho atayamba kumandiyankha pa foni kuti, "Zikomo kwambiri anesi, Mulungu akudalitseni," ndinadziwa kuti ndasanduka mlendo, ndipo zinandipweteka kuposa mmene ndinkavomerera.

Kwathu ku Dedza tinali ndi nyumba ya zidina, yofolera ndi udzu, ya khonde lozungulira. Chaka chilichonse mvula ikatha, chimanga chitalowa m'nkhokwe, amayi ankaizira mkati ndi kunja komwe. Sankazira chizirezire ngati anzawo. Ankasonkhanitsa madothi anayi: katondo wofiira wa kuseri kwa tchalitchi, makande akuda a kudimba, dothi lachikasu la m'chigwembe cha kumunda, ndi mtsiro woyera wa kudambo lina lakutali, umene bambo ankakautenga pa njinga. Ndi kansanza ndi zala zawo ankajambula mizere pakhoma, ina yowongoka, ina yokhotakhota, kenako n'kukulungiza ndi mwala wosalala mpaka khoma kuwala. Anthu odutsa pamsewu ankaima n'kumayang'ana. Ine ndinkachita nazo manyazi. Ku sekondale yogonera komweko ndinkauza anzanga kuti kwathu n'kwa malata, ndipo sindinaitaneko mnzanga aliyense pa holide.

Nditabwera ku Perth kuno ku Australia n'kuyamba ntchito ya unesi pachipatala chachikulu cha ku Nedlands, ndinalumbira kuti bodza la ku sekondale lija ndilisandutsa zoona. Bambo anali atamwalira zaka zinayi m'mbuyomo. Ndinkatenga shifiti iliyonse imene anzanga aikana, ndipo mlongo wanga kumudzi ankayang'anira amisiri. Nyumba inatha bwinobwino, ya njerwa zowotcha, simenti pansi, penti ya mtundu wa mkaka. Tsiku lina mlongo wangayo anandiimbira ndili pa siteji ya mabasi ku Morley, dera la ku Perth kumene timakhala. Ankafunsa za nyumba yakale ija, imene inaima kutsogolo kwenikweni kwa yatsopanoyo n'kumaitchinga. Basi yanga inali itatulukira kale. Ndinati, "Gwetsani, ikungoipitsa malo," ndipo ndinakwera basi. Amayi anali ku maliro kumudzi wina kwa masiku atatu. Pobwera anapeza mulu wa dothi ndi udzu.

Sanandifunse kanthu. Analowa m'nyumba yatsopano, anandithokoza, ndipo kuyambira pamenepo anakhala akundithokoza kwa zaka zitatu.

Chaka cha dzana tinawaitana kuti adzakhale nafe miyezi itatu. Pa bwalo la ndege anawavula nsapato n'kukazitsuka, poti dothi la kwina sililoledwa kulowa m'dziko lino, ndipo anatuluka atanyamula nsapato zonyowa m'kajumbo. Ndinkayembekeza kuti tikakhala nyumba imodzi zinthu zisintha. Ayi ndithu. Ana anga awiri anawakalipira tsiku loyamba lomwe, chifukwa chowayankha m'Chingerezi ndi kulandira zinthu ndi dzanja limodzi, ndipo anawo ankamva kukoma, ankangowakakamira. Galu wa anansi athu anakalipiridwa kudzera pa mpanda. Ngakhale bambo a kunyumba kwanga, amene mwamwambo amayi amayenera kuwachitira manyazi, tsiku lina anauzidwa ndithu kuti ovolosi ya kuntchito kwawo ku Welshpool siikhala pa mpando wodyera. Ine ndekha ndinali woyera ngati mngelo. Ndikapsereza ndiwo, ankati zakoma. Ankandipempha chilolezo chotsegula firiji. Ndinachita nsanje ndi mwamuna wanga yemwe, chifukwa cha ovolosi.

Kupepesa ndinkafuna, koma sindinkadziwa poyambira. Ku chipatala anatiphunzitsa kukhala pansi ndi wodwala n'kumufunsa mmene akumvera mumtima. Yesani zimenezo kwa mayi wa ku Dedza muone. Ndinayesapo kamodzi tikusenda mbatata, ndinatchula nyumba yakale ija. Iwo anati yatsopanoyi ndi yabwino, siidontha, ndipo anandifunsa ngati mpeni wina ulipo.

Patatsala milungu itatu kuti abwerere, mnzanga wina wachizungu wa kuntchito ankationetsa zithunzi za ulendo wake pa nthawi ya tiyi. Anali atapita ku Tasmania. Ine ndinkangoyang'ana mwaulemu, maganizo ali kwina, mpaka chinafika chithunzi china chimene chinandiimitsa kumwa tiyi. Chinali khoma la mwala m'mbali mwa nyanja, la mizere yofiira, yachikasu ndi yoyera, yokhotakhota, pamwamba pake patatulukira ngati denga la khonde. Linali khoma la amayi, lija ndinkalibisa kwa anzanga, ndipo apa mzungu wolemekezeka anali atakwera ndege kukalijambula. Anati lili pa chilumba chaching'ono chopanda magalimoto, munthu amapitako pa boti kenako n'kuyenda wapansi. Ananenanso kanthu kena ka nthawi ya madzi, kuti ndiyambe ndaona kaye. Ndinagwedeza mutu, koma mawu amenewo analowera khutu ili n'kutulukira linalo.

Bambo a kunyumba atamva anaseka mpaka kukhosomola. Anafunsa ngati miyala inatha ku Dedza kuti tichite kudutsa dziko lonse la Australia kukaona mwala. Koma iwo ankadziwa chimene chinkandidya, ndipo anavomera kutsala ndi ana. Amayi nditawauza kuti tikupita kukaona malo, anati, "Monga mwakonzera." Sindinawaonetse chithunzi chija. Ndinkaganiza kuti akangoliona khomalo amvetsa zonse, ine osachita kutsegula pakamwa. Kunena zoona ndinkafuna kuti mwala undipepesere.

Tinakwera ndege ya ku Hobart, likulu la Tasmania, tinagona kumeneko, m'mawa mwake n'kukwera basi yopita kudoko. Amayi anali asanakwerepo boti chibadwire. Anakhala pakati penipeni, kutali ndi mazenera onse, chikwama atachikumbatira pamimba, akuimba nyimbo ya kutchalitchi ndi milomo yotseka. Anavala thalauza mkati, chitenje pamwamba, jekete ya mkamwini wawo ndi nsapato zothamangira za mdzukulu wawo. Mphepo ya kumeneko ndi yozizira ngakhale dzuwa likuwala, imakumbutsa ya Juni kwathu.

Pachilumbapo panalibedi galimoto, panalibenso sitolo. Panali nyumba zakale zingapo za njerwa, zimene akuti munkakhala akaidi, ndi udzu waufupi ngati wometedwa. Pa udzupo pankadya tinyama tonenepa, taubweya, tooneka ngati mbira koma tatikulu ngati mwana wa nkhumba. Amati ndi mawombati. Kamodzi kanadutsa pafupi ndi mapazi athu osatiyang'ana n'komwe. Amayi anaima, anakayang'anitsitsa, kenako anauza mphepo kuti nyama yonona chonchi ikuyenda masanasana, anthu a kuno ali ndi vuto. Ndinaseka ndekha. Sankauza ine.

Njira yake inali yosavuta, yotsata gombe, zikwangwani zili apo ndi apo. Inakwera kachitunda, n'kudutsa m'mitengo ya bulugamu, n'kutsikira ku mchenga woyera wautali. Amayi, amene ali ndi zaka zoposa makumi asanu ndi limodzi, ankayenda patsogolo, ine nesi wophunzitsa anthu za masewera olimbitsa thupi ndikupuma wefuwefu m'mbuyo. Mumtima ndinkakonza mmene zikhalire. Tikhota pa ngodya, iwo aona, agwira pakamwa, ine ndiwagwira dzanja. Ndinali nditakonza ngakhale poima.

Titafika kumapeto kwa mchengawo tinapeza madzi. Mafunde ankamenya pa mwala penipeni pamene panayenera kukhala njira. Khoma lija linali kuseri kwa ngodya, ndipo chimene tinkaona chinali kachigawo kochepa chabe, kofiirira, konyowa, kosasiyana ndi mwala wina uliwonse. Pambali panali chikwangwani chonena mosabisa kuti malowa amafikika madzi akaphwa. Ndinachiwerenga kawiri, ngati kuti kachiwiriko chisintha.

Ndidziteteze pang'ono. Nyanja imene ndinaidziwa ndili mwana, paulendo wa sukulu ku Salima, imakhala pamene waisiya. Imakwera ndi mvula, imatsika ndi chilimwe, basi. Ya mchere ya ku Perth nayonso ndi yaulesi pa nkhani imeneyi. Zaka zonsezi ndakhala ndikuyala nsalu pa mchenga m'mawa, n'kudzaichotsa madzulo ili youma. Za kudzaza ndi kuphwa kwa nyanja ndinaziphunzira m'kalasi, ndinakhoza nazo mayeso, koma sindinaganizepo kuti zingandikhudze ine mwini.

Kunadutsa mayi wina woyang'anira chilumbacho, wovala chipewa chachikulu. Anatiuza mokoma mtima kuti tafika madzi atadzaza kwambiri, ndipo njira itseguka pakapita maola anayi kapena kuposerapo. Anati tikadikira tiona, koma tisachedwe, chifukwa boti lomaliza silidikira munthu ndipo pogona pachilumbapo pamafunika kukonzeratu. Ndinawamasulira amayi. Anafunsa kuti madziwo akachoka amapita kuti. Ndinati amabwerera m'mbuyo kenako amabweranso. Anafunsa ngati ndi tsiku lomwelo. Ndinati kawiri patsiku. Anayang'ana nyanja, anayang'ana mayi wa chipewa uja, nkhope yawo ikuonetsa kuti wina pakati pathu akunama.

Apa ndinadikira. Amayi akale aja akanandisambitsa ndi mawu pomwepo, mzungu akumva. Akanandifunsa kuti sukulu yonse ija inapita kuti, kuti ndi munthu wanji wokokera mayi ake pa ndege ndi pa boti osafunsa kaye. Ndinaweramitsa mutu, ndikulakalaka ndithu kuti zibwere.

"Palibe kanthu, anesi," anatero. "Mwayesetsa."

Pa zonse zimene anandiuzapo pa moyo wanga, palibe chimene chinandilasa ngati chimenecho.

Tinakhala pansi pa mtengo kumapeto kwa mchenga. Apa cholakwa changa chachiwiri chinaonekera. Ndinali nditangotenga madzi ndi mabisiketi awiri, poganiza kuti kulikonse kumene kumapita alendo kumakhala pogula tiyi. Amayi anatsegula chikwama chawo chija n'kutulutsa chigumu chimene anaphika ku Morley tisananyamuke, ndi mtedza wokazinga m'kabotolo. Iwo sapita ngakhale ku chigayo opanda kamba. Anandigawira chachikulu, monga amachitira ndi mlendo.

Titadya anadzuka, anatola kamtengo, n'kukakazika pa mchenga pamene funde linkalekezera. Anabwerera n'kukhala pansi, maso ali pa kamtengoko. Ankafuna kuona okha ngati nkhani ya madzi othawa ija inali yoona. Kwa nthawi yaitali palibe chinasintha, ndipo ndinkawaona akukonzeka kupambana. Kenako funde linayamba kulephera kukafika. Linalekeza patali ngati phazi limodzi, kenako awiri. Anadzuka, anakazula kamtengo kaja n'kukazika kutsogolo. Anachita zimenezi kasanu kapena kasanu ndi kamodzi. Ulendo wina pobwerera ananena motsitsa kuti, "Akuthawadi," ndipo pankhope pawo panali chisangalalo cha mwana.

Maola anayi ndi ambiri ukakhala ndi munthu amene uli naye nkhani. Tinakamba za amene anamwalira kumudzi, za mbuzi ya mlongo wanga yosamva, za atsekwe otuwa amene ankadya udzu pafupi nafe. Katatu konse ndinatsegula pakamwa kuti ndiyambe, katatu konse ndinafunsa ngati akumva kuzizira. Ndinazindikira kuti chibwerere ku Perth tinali tisanakhalepo awiriwiri opanda poto, ana kapena wailesi ya kanema pakati pathu. Ndinkayang'ana manja awo ali pa maondo. Zala zake ndi zokhota, zikhadabo zosalala, ndipo m'zaka zitatu zimenezi anali atafewa, poti pa simenti palibe chozira.

Dzuwa litapendeka, anthu anayamba kutulukira m'njira, ena pa njinga, makamera ali m'khosi. Iwo anali atawerenga nthawi ya madzi. Pamene panali mafunde m'mawa panaoneka thanthwe lathyathyathya, lonyowa, lokhala ndi tizithaphwi. Tinavutika pang'ono kudutsa, poti panali poterera, koma amayi anakana dzanja langa. Tinakhota pa ngodya paja.

Chithunzi chija sichinanene zoona zonse. Khomalo si lalitali kwambiri, mwina anthu awiri kapena atatu atasanjikizana, koma dzuwa la masana linkaliwomba ndipo linkaoneka ngati lotentha. Ndi mchenga umene unaumbika kalekale n'kusanduka mwala. Mizere yake imayenda mopingasa, yofiira, yachikasu, ina yoderako, kenako imakhota n'kupanga mabwalo, lina mkati mwa linzake. Pena mphepo ndi madzi a mchere zinaboola timaenje tambirimbiri ngati zisa za njuchi. Pamwamba mwalawo unatulukira kutsogolo n'kupanga mthunzi, ndipo munthu ukaima pansi pake umamva ngati waima pakhonde la munthu. Ndinangotsala pang'ono kuodira.

Amayi sanagwire pakamwa monga ndinakonzera. Anaika chikwama pansi, chinthu chimene sachita ngakhale m'tchalitchi, n'kuyamba kuyenda m'mbali mwa khomalo pang'onopang'ono, nkhope ili pafupi ndi mwala. Ananyowetsa chala ndi malovu n'kukhudza mzere wofiira, kenako anayang'ana chalacho kuti aone ngati mtundu wachoka. Anafunsa kuti anazira ndani. Ndinawauza zimene ndinawerenga pa chikwangwani, kuti ndi madzi okhala ndi chitsulo amene ankadutsa mu mwalawo kwa zaka zosawerengeka, n'kumasiya dzimbiri. Anafunsa ngati palibe munthu anaikapo dzanja. Ndinati palibe. Anagwedeza mutu ngati mmisiri amene wapeza ntchito ya mnzake, ndipo anayamba kutchula. Uyu ndi katondo. Ili ndi la m'chigwembe. Apa chikasu chinalowa chofiira chisanaume, n'chifukwa chake zasakanikirana. Anapezamo ngakhale cholakwa, mzere wina umene anati unathawa njira.

Kenako anafika pamene panali mzere woyera, wotakata ngati chikhatho, woyenda pakati pa yofiira iwiri. Pamenepo anaima, ndipo umenewo sanautchule dzina. Anthu ankatidutsa, akujambulana. Ndinawaona akuwerama n'kutola kachidutswa ka mwala woyerawo kamene kanagwera pansi, kochepa ngati nyemba, n'kuyamba kukamanga pa nsonga ya chitenje. Ndi chizolowezi chawo chakale. Kulikonse kumene aona dothi labwino amatengako pang'ono kuti akaliyese kunyumba.

Ndinawayandikira n'kuwauza motsitsa kuti kuno sikuloledwa kutenga kanthu.

"Ngakhale kakugwa kale?"

"Ngakhale kakugwa kale, amayi. Malo ano ndi otetezedwa. Mayi wa chipewa uja ntchito yake ndi imeneyo."

"Kulondera khoma?"

"Eya."

Anamasula mfundo ija pang'onopang'ono. Anayang'ana kamwalako m'dzanja mwawo, osati ine.

"Ndiye kuno khoma la dothi lili ndi mlonda," anatero. "Langa linalibe."



Anayankhula akuyang'anabe mzere woyera uja, mawu ali pansipansi, osathamanga. Anati mtsiro woyera wa pa nyumba ija bambo anakautenga komaliza atayamba kale kudwala. Amayi anawaletsa, koma iwo anakakamira, ndipo pobwera anachita kuikankha njinga njira yonse chifukwa mphamvu zopalasa zinali zitatha. Amayi anauzira mzere umodzi wozungulira nyumba yonse, pansi pa mazenera. Mvula yotsatira bambo sanaione. Kuyambira pamenepo chaka chilichonse ankazira zofiira, zakuda ndi zachikasu, koma mzere woyerawo ankaulambalala, osaukhudza. Nthawi ya mvula ankautchinga ndi mphasa zakutha kuti usakokoloke. Anausunga zaka zinayi. Atabwera ku maliro kuja anafukula mulu wa dothi uja ndi manja, koma zonse zinali zitasakanikirana.

Ine sindinkadziwa. Ndinabwerako kumudzi kawiri m'zaka zimenezo, ndinaziona mphasa zija zitatsamira khoma, ndipo ndinangoti ndi umve wa kumudzi. Ndinayamba kulira pamaso pa azungu onse aja, kulira kwenikweni kotuluka ndi mamina. Ndinati, "Amayi, ndinalakwa. Sindinkadziwa. Pepani." Mawu amene ndinawasunga zaka zitatu anali ochepa chonchi.

"Kusadziwa si mlandu," anatero. "Sunafunse. Ukanangoimba foni n'kunena kuti amayi, nyumba ija titani nayo. Mwina ndikanati gwetsani ndekha, poti inkadontha ndipo ndinali nditatopa nayo. Koma ndikanayamba ndapala mzere uja n'kuusunga m'chitini. Unandimangira nyumba ngati ukumangira nkhuku khola."

Anawerama n'kubwezera kamwala kaja pamalo penipeni pamene anakatola, ndipo anakatembenuza kuti mbali yoyera iyang'ane kumwamba monga kanalili. Ine ndinangoima chiimire, maso ali phwii ndi misozi, osaona kumene ndaponda. Funde lina lalikulupo linakwera pathanthwe paja n'kundimiza mapazi mpaka mu akakolo.

"Iwe, tachoka apo! Maso uli nawo awiri ngati anzako. Nsapato zimenezo uyenda nazo bwanji zonyowa? Pukuta mamina, anthu akukuona. Boti lija ukuganiza kuti ndi la bambo ako?"

Anatola chikwama chawo n'kuyamba ulendo wobwerera. Njira yonse, kudutsa mchenga uja, m'mabulugamu, mpaka kutsika kachitunda, sanapume. Anandikalipira za madzi, kuti ngakhale kamtengo kanadziwa zimene ine wa madigiri sindinkadziwa. Anandikalipira za mabisiketi awiri. Anatulutsa ndi zakale zomwe, za ndiwo zopserera za milungu yonse ija, za ana osadziwa kugwada, za tsitsi langa limene anati likuoneka ngati ndinalibwereka. Zinali zitaunjikana zaka zitatu ndipo sanasiyeko ndi chimodzi chomwe. Ine ndinkatsatira m'mbuyo, nsapato zikulira tchwaa tchwaa, ndikulira ndi kuseka nthawi imodzi. Tinafika padoko anthu akukwera kale. M'boti anakhala pawindo.

Sindinganene kuti zonse zinakonzeka. Mzere uja unapita, ndipo ndine ndinaupititsa, ndili pa siteji ya basi, m'mawu atatu. Nthawi zina ndikaima pamalo omwewo ku Morley ndimakumbukira, ndipo manyazi amandigwira ngati zachitika dzulo. Ndimaganizanso za mmene ndinafunikira mzungu ndi kamera kuti ndione chimene ndinakulira ndikuchitsamira ndi msana. Zimenezo sindizinyadira.

Atabwerera kumudzi ndinawaimbira n'kuwafunsa, ulendo uno mowafunsa ndithu, ngati pali chimene akufuna pakhomo paja. Anati akufuna khitchini ya zidina kuseri kwa nyumba, ndipo ndisatumize amisiri a mtauni, aumba okha ndi mlongo wanga. Anawonjezera kuti kuzira adikira ine. Chilimwe chatha ndinapita. Ndinakumba katondo kuseri kwa tchalitchi, ndinasenza makande kuchokera kudimba, ndipo manja anga a magolovesi anatuluka matuza tsiku loyamba. Mizere yanga inali yokhota posafunika kukhota. Anandifufutitsa kawiri, akundinena kuti ndikuzira ngati ndikupaka mankhwala pa bala.

Titamaliza zofiira, zakuda ndi zachikasu, panatsala mpata wotakata ngati chikhatho, wozungulira khitchini yonse pansi pa zenera. Ndinati mawa ndibwereka njinga ndipite kudambo kuja, angondilozera njira. Amayi anapitiriza kukulungiza ndi mwala wawo osatembenuka.

"Usapite," anatero. "Pamenepo pakhale choncho."

Ndinatsuka ndowa n'kuzivundikira padzuwa. Mpatawo ulipobe mpaka lero, wa mtundu wa zidina, ndipo mvula ikayandikira amayi amautchinga ndi mphasa.